Mphika Umene Sindinaswe

Hengdian, 9 Malichi 2011

Wokondedwa Fenglan,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi bambo ndi mwana wathu Xiaoman. Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine cha m'sitima sichinandisiye. Uwawerengere bambo kukhutu lakumanja, lija limamva, poti pa foni amangoti "aa?" mpaka mayunitsi kutha.

Ndiyambe ndi kuulula. Ku Yiwu, kumene ndinati ndikukamanga nyumba, ndinakhalako masiku asanu basi. Kapitawo anati anthu tachuluka. Munthu wina wa ku Sichuan, mkulu Qiu, anandipeza pa depoti nditakhalira thumba langa ngati nkhuku yonyowa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mphwanga, uli ndi nkhope ya munthu wa m'chaka cha njala. Ku Hengdian nkhope yotereyi amailipira." Ndiye ndili kuno, kumene amapanga masewero a pa TV aja bambo amakangana nawo madzulo aliwonse.

Ntchito yathu ndi kudzaza bwalo. Mfumu ikamadutsa timagwada, asilikali akamathamanga timathamanga, pamsika timasenza madengu opanda kanthu. Amatipatsa mayuani makumi anayi patsiku ndi kabokosi ka mpunga ndi kabichi, kanyama kake kochita kufunafuna ndi timitengo todyera. Mafoni amatilanda m'mawa n'kuwatsekera kuti tisajambule akatswiri, choncho ukaimba masana osayankhidwa usaganize zina.

Uwauze bambo kuti mwana wawo walowa m'nyumba ya mfumu. Uwauzenso kuti ndinagogoda khoma lake monga mmisiri, n'kupeza kuti ndi matabwa ndi penti. Koma pentiyo, Fenglan, amapaka anthu odziwa ntchito. Mwala wabodza amaukalambitsa ndi burashi mpaka ndere kuoneka ngati zamera zokha. Ndinaima pamenepo n'kuchita manyazi ndi makoma onse amene ndinamangapo.

Tirigu umuthire feteleza mvula ikangowaza, mng'ono wanga Ersuo akuthandize. Bokosi la maliro limene bambo anakhomeratu, lija lili m'chipinda chakum'mawa, likufunika vanishi wina chaka chino. Usagule wotchipa, adzamukanda ndi chala n'kudziwa.

Ine mwamuna wako,
Tiesuo


Hengdian, 20 Epulo 2011

Wokondedwa Fenglan,

Kalata yako ndalandira. Ndakondwa kuti nonse muli bwino ndiponso kuti nkhumba yaswa ana asanu ndi atatu. Ine ndili bwino, ngakhale sabata ino yokha ndafa kanayi.

Usadzidzimuke. Tikupanga sewero la nkhondo. Katswiri wake amatuluka m'moto tsitsi lili chipesere, malaya oyera ngati akukafunsira mbeta, mfuti yake siitha zipolopolo, ndipo ife makumi atatu timagwa nthawi imodzi. Ukafa amakupatsa kaenvelopu kofiira ka mayuani awiri kochotsera tsoka. Ndalama imeneyo siigona m'thumba, umaidya tsiku lomwelo, ndiye usaiyembekezere.

Mkulu Qiu akuti wafa kokwana mazana atatu. Anandilangiza kuti, "Uzifa chafufumimba, mphwanga, ndipo uzifera pamthunzi. Wofa chagada amaphethira, akaphethira tibwereza tonse." Ndinati, "Ndikabisa nkhope, bambo anga andiona bwanji?" Iye anati, "Nanga bambo ako akufuna kuona mtembo wako?" Koma mtima wanga uli pamenepo. Zaka makumi anayi ndi ziwiri bambo sanandiyamikirepo kanthu. Ndikufuna tsiku lina aloze TV n'kuuza anthu kuti uyo ndi Tiesuo wanga.

Mawu awo aja unalemba ndinawerengera anzanga m'chipinda, anaseka mpaka kutsamwa. Zoti alimi a m'masewero amagwira khasu ngati chitoliro, nzoona. Za maliro aja anawakwiyitsa mpaka kuzimitsa TV, akunenanso zoona. Mphika wadothi uja amaswa patsogolo pa bokosi asanalinyamule saswa mwana wamng'ono mkulu wake ali moyo, ndipo suponyedwa kawiri. Ukakana kusweka, onyamula bokosi amauponda. Olemba masewerowa ndi ana a m'tauni, nawonso maliro amawaonera pa TV. Koma uwafunse bambo, ngati zonse nzabodza, chinawaliza nchiyani pa sewero la mayi wogulitsa mabanzi kuti aphunzitse ana ake? Unandiuza wekha kuti ananamizira utsi wa fodya.

Zoti "mphika wanga uli ndi mwini wake, ndi Tiesuo," ndamva. Asiye kuyankhula zotere, akadali ndi mano okukutira chimanga.

Ndatumiza mazana asanu ndi limodzi. Xiaoman umugulire nsapato za kusukulu.

Ine mwamuna wako,
Tiesuo


Hengdian, 11 Juni 2011

Wokondedwa Fenglan,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse. Chifuwa cha bambo chandidetsa nkhawa. Chifuwa cha dzinja sichifika mu Juni. Ersuo awatengere kuchipatala cha kuboma, asavomere zoti amwa peyala wowiritsa n'kuchira.

Kudzakolola tirigu sindibwera. Ndikudziwa kuti uluma mano powerenga pamenepa. Anandimeta theka la mutu n'kundimata chingongo chachitali cha m'masiku a mafumu, ndipo wometedwa sachoka mpaka sewero litatha. Walira mvula walira matope. Uitane a makina okolola, usapse ndi chikwakwa wekha.

Bambo amafunsa chifukwa chake milomo ya anthu ena pa TV siyenderana ndi mawu. Ndaona ndi maso anga. Mwana wa mfumu m'sewero lathuli sanaloweze mawu ake. Amaima patsogolo pa kamera, amuthira madzi a m'kabotolo m'maso, ndiye amati, "Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi," mawu akunjenjemera. Mawu enieni adzaikapo munthu wina m'kachipinda, amene dzina lake palibe adzalidziwe. Koma pambali pake pali gogo wina amene akusewera ngati nduna yokalamba. Ameneyo amafika tisanafike ife, amadziwa mawu ake ndi a anzake omwe. Tsiku lina anayankha "zinayi" uja ndi kulira kwenikweni, mpaka ife ogwada kumbuyo tinayamba kufwenthera. Onse awiri mudzawaona m'bokosi limodzi la TV.

Zoti nkhani ya masiku khumi amaikoka kufika magawo makumi asanu ndi limodzi, bambo asadabwe. Amagulitsa pa gawo, ndiye amathira madzi ngati wogulitsa mkaka wakuba. Dzulo mfumukazi inatha tsiku lonse ikumwa tiyi.

Apa usawawerengere. Bondo langa lakumanzere linakumana ndi hatchi. Sizazikulu, ndikuyenda. Ndagona masiku angapo, ndiye mwezi uno ndatumiza zochepa. Mkulu Qiu wakhala akundigawira mpunga wake.

Ana a nkhumba ugulitse asanu, atatu tisunge.

Ine mwamuna wako,
Tiesuo


Hengdian, 18 Sepitembala 2011

Wokondedwa Fenglan,

Moni kwa nonse. Ndasangalala kumva kuti mankhwala awapepuza bambo ndipo ayambanso kutukwana TV. Munthu wotukwana ndiye kuti ali moyo. Ine ndili bwino, bondo limangolankhula kukachita mitambo.

Ndili ndi nkhani yabwino. Kwabwera sewero la banja la alimi a m'masiku akale a njala. Woliyendetsa ndi mayi wachikulire, Dayirekita Shao, wamfupi, wovala jekete ngati la wogulitsa kabichi. Ameneyu salola zabodza. Analamula kuti zovala zathu zikwiriridwe m'dothi masiku atatu. Atapeza mtsikana wina atapenta zikhadabo, anamubweza. Tsiku loyamba anatindandalika anthu makumi awiri n'kutipatsa khasu mmodzimmodzi. Ine ndinangolavulira m'manja monga amachitira bambo, n'kugwira. Mayiyo anati, "Uyu. Ena nonse mukupalasa bwato."

Katswiri wa seweroli sanasankhidwe ndi mayiyo, anamusankha ndi eni ndalama. Ndi mnyamata wosalala nkhope ngati dzira losenda, ndipo ife timangomutchula kuti Kasalala. Ali ndi anthu atatu omuimirira: wina wokwera hatchi, wina woyenda chapatali, wachitatu ndine. Ine ndine msana wake ndi manja ake. Akamalima ndine, akamasenza thumba ndine, iye amabwera kudzapukuta thukuta la m'botolo. Tsopano ndikulandira zana limodzi ndi makumi asanu patsiku, ndipo m'kabokosi kanga muli mwendo wa nkhuku.

Ndikudziwa chimene bambo anene: "Ndinabala mwana wathunthu, iwo akugula ziwalo." Uwayankhe kuti khasu lokhalo ligwiridwa bwino pa TV chaka chamawa, ndipo ndi iwo anaphunzitsa.

Chimanga mukakolola musachedwe kufesa tirigu. Makala ugule tsopano asanakwere, chipinda cha bambo chisazizire.

Ine mwamuna wako,
Tiesuo


Hengdian, 14 Novembala 2011

Fenglan,

Ndili bwino. Kalata iyi usawawerengere bambo. Uwauze kuti ndapereka moni, ndikubwera.

Ndamva zonse unanena pa foni, kuti sakudzukanso ndiponso kuti akungomwa phala. Ndamvanso kuti unalira utadula. Sindikukana kubwera. Ndikupempha masabata awiri.

Pa 28 tikujambula maliro a tate wa Kasalala m'seweromo. Dayirekita Shao akufuna maliro enieni a kumudzi, ndipo wakhala akundifunsa ine za mwambo. Ndamuuza zonse monga amanenera bambo. Kugwada, kusenza mphika pamutu ndi kuuswa, zonsezo ndi msana ndi manja, ndiye ndine. Ndipo mayiyo walonjeza kuti tsiku lomwelo, ndikavula zoyera za maliro, ndivala za mnansi n'kunena mawu amodzi kamera ili pankhope panga: "Nyamulani." Wojambula wavomera kundiikira kachidutswako mu foni. Ndikufuna ndikakhale pa bedi la bambo n'kuwaonetsa. Sewero lonse lidzatuluka chaka chamawa, ndipo iwe ndi ine tikudziwa za chaka chamawa.

Mkulu Qiu sakundiyankhula bwino. Akuti, "Munthu amene bambo ake ali chigonere savala zoyera, ngakhale zamasewera. Ukuwaitanira chiyani?" Ndinamuuza kuti kaenvelopu kofiira kamachotsa zonse, si iye anandiphunzitsa? Anati, "Kamachotsa tsoka la mtembo wabodza. Uchitsiru sikachotsa." Wasamutsa bedi lake.

Mwina akunena zoona. Masiku ano chakudya sichikundilowa. Koma ndadikira miyezi isanu ndi itatu, bondo ndapereka, tsitsi ndapereka. Ndibwere chimanjamanja, bambo adzandifunse kuti, "Nanga nkhope yako ili kuti?"

Dokotala wa jakisoni uja azibwera tsiku lililonse, ndatumiza zokwanira. Zikasintha undiimbire, foni ndikumaibisa m'sokosi.

Ine,
Tiesuo


Hengdian, 19 Febuluwale 2012

Amake Xiaoman,

Ndinafika bwino. Ndikhulupirira kuti iwe ndi mwana muli bwino. Miyezi iwiri ndi theka ndinakhala kumudziko, tinagona chipinda chimodzi, koma chimene ndilembe pano chinakana kutuluka pakamwa.

Ndinakunamiza. Matikiti a sitima analipo.

Unandiimbira pa 27 Novembala m'mawa kuti bambo atisiya, kuika ndi tsiku lachitatu, pa 29. Ndinathamanga kukagula tikiti ya pa 28 madzulo. Ndinawerengera bwinobwino: tijambula m'mawa, ndikwera sitima madzulo, pa 29 kukamacha ndili pakhomo, ndiswa mphika wa bambo. Pa 28 tinavala zoyera, tinadikira tsiku lonse m'mphepo. Kasalala sanabwere, anapita kukajambula malonda a mafuta odzola. Anati tijambula mawa. Madzulo ndinakhala pa thumba langa pa depoti tikiti ili m'manja, basi ya ku Yiwu kokwerera sitima n'kubwera, n'kudutsa. Palibe anandigwira mwendo. Ndinadziuza kuti bambo apita kale, kufika kapena kusafika sadziwa, koma nkhope yanga pa TV idzatsala. Ndipamene ndinakuimbira n'kunena kuti matikiti atha.

Pa 29, nthawi yomwe inu munkatulutsa bokosi, ine ndinali nditagwada patsogolo pa bokosi lopanda munthu. Anali atagula miphika khumi ndi iwiri. Woyamba ndinauswa bwino, mapale anafika mpaka kwa wojambula. Anati tibwereze, dzuwa linabisala. Wachiwiri, ndege inadutsa. Wachitatu, akufuna kuona chakumbali. Ndinati, "Mayi, mphika suponyedwa kawiri." Dayirekita Shao anati, "Ndikudziwa, Tiesuo, nanenso ndine wa kumudzi. Koma kamera ili ndi diso limodzi." Ndinaswa miphika isanu ndi inayi. Pa wachisanu ndinali ndikulira moti sindinkaona pogwetsa, ndipo palibe anandithira za m'kabotolo. Mayiyo anabwera kudzandigwira paphewa n'kunena kuti pa zaka makumi atatu sanaonepo msana wolira chonchi. Kasalala anatuluka m'galimoto yake yotentha, anamujambula nkhope mphindi khumi, n'kubwerera.

Pofika pa "Nyamulani" dzuwa linali litapendeka. Anati mawuwo angomveka chakumbali, munthu wa m'kachipinda adzaikapo. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mkulu Qiu ndi amene anakauza mayiyo za bambo, tsiku lotsatira ine nditanyamuka. Akuti mayiyo anakhala pansi, n'kufunsa kuti, "Bwanji sananene? Ndikanapeza msana wina." Mawu amenewo ndi amene amandiwawa koposa. Msana wina unalipo. Mwana wamkulu wa bambo anali mmodzi.

Ersuo sananditukwane. Bola akananditukwana. Nditafika anandithirira tiyi ndi manja awiri, ngati mlendo wochokera kuboma. Azakhali ndi amene anandiuza kuti anthu anadikira ola lathunthu akuyang'ana kumsewu, mpaka mkulu wa onyamula anati dzuwa lakwera, ndiye Ersuo ananyamula mphika n'kuuswa kamodzi. Ndicho chifukwa ndabwerera kuno zikondwerero za chaka chatsopano, zija zimatha mu Febuluwale, zitangodutsa. Si ntchito yandikoka. Ndikulephera kudutsa pachipata chathu anthu akuona.

Kaenvelopu ka tsiku limenelo sindinadye. Kali m'thumba la jekete mpaka pano. Tsoka lake likhale langa.

Ngati sundiyankha, ndimvetsa.

Tiesuo


Hengdian, 7 Okotobala 2012

Wokondedwa Fenglan,

Kalata yako yafika, yoyamba chaka chino. Ndi mizere isanu, koma ndaiwerenga mpaka yang'ambika popinda. Ndathokoza kuti muli bwino ndiponso kuti Xiaoman wakhoza mayeso. Ine ndili bwino. Zamasewero ndinasiya, tsopano ndili m'gulu la amisiri omanga makoma a matabwa aja. Imeneyo ndiyo ntchito yanga, munthu wa kuseri kwa khoma.

Wandifunsa ngati nzoona kuti sewero limene anthu akulikamba ndi lathu lija. Ndi lomwelo. Kuno linadutsa kale pa wailesi yakanema ya chigawo chino, ndinaonera m'kanyumba kodyera. Ndilabwino, Fenglan, sindinganame. Dothi ndi dothi, njala ikuoneka njala, makasu agwiridwa bwino. Bambo akanatukwana pang'ono chabe, pa mano oyera a Kasalala ndi magawo khumi apakati amene anathiridwa madzi. Pa gawo la maliro mayi wophika anasiya mphika pamoto n'kumalira, madalaivala awiri anayang'ana pansi. Nyuzipepala ina inalemba kuti mnyamatayu wakula, amatha kulira ndi msana. Mkulu Qiu anandiwerengera, kenako anakulungira nyuzipepalayo makoko a mtedza.

Kwanuko gawo limenelo, la makumi atatu ndi limodzi, lifika Lachinayi la sabata yamawa. Ndikudziwa kuti anansi adzadzaza m'nyumba monga ankachitira bambo ali moyo. Manja anga udzawadziwa ndi chipsera cha chikwakwa chija. Usaloze. Mwana akafunsa, umuuze zoona, koma anthu atapita. Udzaonanso kuti mphikawo ukusweka katatu, kutsogolo, chakumbali ndi pang'onopang'ono, chifukwa anaona kuti zikukongola. Zonse ndinawaphunzitsa anatsata, kupatula chimodzi chomwe bambo ankachinena kawirikawiri.

Za nyumba ya bambo ndi munda wa kumtsinje, uuze Ersuo asiye kuzengereza. Mwambo ndi womveka: woswa mphika ndiye wolowa nyumba. Akuti akuopa kundilanda. Sakundilanda, ndinasiya ndekha pa depoti. Ife tikhala m'zipinda zathu ziwiri zakumadzulo, denga ndidzakonza ndekha.

Ndibwera pa 25 Novembala, tsiku lokumbukira chaka lisanafike. Tikiti ndagula kale, ndipo ndaiika m'kalata muno kuti uione ndi maso ako. Unditumizirenso, kapena uisunge, ndigula ina. Ndikufuna ndikagwade kumanda anthu akuona, anene zimene anene.

Wafunsa ngati uchotse chithunzi cha bambo Lachinayilo. Chisiye pomwe chili, pamwamba pa TV. Pamenepo sadzaona sewerolo. Adzakhala akuyang'ana inu, kuwerenga amene alipo ndi amene palibe.

Ine mwamuna wako, ngati ukundilolabe,
Tiesuo